Ndalama za mkuwa za Aroma akale: mafunso ndi mayankho

Munthu akagwira ndalama ya Aroma koyamba, mafunso ake sasiyana kwenikweni ndi a mnzake amene anaigwira dzulo: mutuwu ndi wa ndani, zilembozi zikuti chiyani, nanga ndi yeniyeni? Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kudekha.

1. Tikati ndalama za mkuwa za Aroma, tikunena ziti?

Aroma anali ndi ndalama za golide, za siliva ndi za mkuwa. Ya golide inkatchedwa aureus, ya siliva denarius. Ziwirizi zinali zolipirira asilikali, zokhomera msonkho ndi zogulira minda. Za mkuwa ndiye zinali za pamsika, zogulira buledi, mafuta a nyale ndi kapu ya vinyo, komanso zobwezera chenje.

Mawu akuti mkuwa tikuwagwiritsa ntchito mophatikiza. Zina zinali za kopa yekhayekha, zofiirira. Zina zinali za kopa wosakaniza ndi zinki, zachikasu ngati golide zikadali zatsopano, ndipo chitsulo chimenechi ankachitcha orichalcum. Zina anathiramo tini ndi mtovu. Osonkhanitsa ndalama zakale amangozilemba zonse ndi zilembo ziwiri, AE, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti aes.

2. Zinayamba liti?

Poyambirira anthu a ku Italy ankalipirana ndi zibenthu za mkuwa zoyeza pa sikelo. M'zaka za m'ma 200 BC Roma anali atayamba kupanga ndalama zozungulira pothira mkuwa wosungunula m'zikombole. Yofunika kwambiri inali *as*, yolemera paundi imodzi ya Chiroma, magalamu opitirira 300. Imeneyo si ndalama yoika m'thumba la malaya. Mtundu wodziwika kwambiri uli ndi mutu wa mulungu Janus wa nkhope ziwiri, ndipo kuseri kwake kuli mphuno ya ngalawa yankhondo.

Nkhondo yolimbana ndi Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage, kuyambira 218 mpaka 201 BC, inadya chuma cha Roma, ndipo *as* anaonda mofulumira. M'nkhondo yomweyo, cha m'ma 211 BC, ndi mmene denarius anabadwira.

3. Mayina ake ndi ati, ndipo zinkasinthana bwanji?

Dongosolo limene anthu ambiri amalidziwa ndi la Augustus, mfumu yoyamba, amene analikhazikitsa cha m'ma 23 BC. Aureus mmodzi ankasinthana ndi ma denarius 25. Denarius mmodzi anali ma sestertius 4. Sestertius anali ma dupondius 2, kapena ma *as* 4. Pansi pa *as* panali semis, theka lake, ndi quadrans, gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho denarius mmodzi anali ma *as* 16, kapena tima quadrans 64.

Sestertius ndiye tambala wa khola la mkuwa: wachikasu, wolemera magalamu pafupifupi 25, wotambalala mamilimita oposa 30. Chifukwa cha kukula kwakeko, amisiri ankapezapo malo osonyezera luso lawo, ndipo zithunzi zokongola kwambiri pa ndalama zonse za Aroma zili pa iye, osati pa golide. Analinso ndalama yowerengera chuma. Kuti munthu akhale mu Seneti, nyumba ya akuluakulu a boma, ankayenera kukhala ndi chuma cha ma sestertius 1,000,000, ngakhale kuti palibe ankanyamula mulu wa mkuwa wotero.

4. Munthu ankagula nazo chiyani?

Mzinda wa Pompeii, umene unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, watisungira mitengo yolembedwa pa makoma. Pa malo ena omwera panalembedwa kuti ndi *as* mmodzi ukhoza kumwa, ndi awiri umwa wabwinopo, ndipo ndi anayi umwa vinyo wa Falernum, wotchuka uja. Quadrans mmodzi ankakwana kulowera ku nyumba yosambira ya anthu onse mu Roma. Msilikali wamba m'nthawi ya Augustus ankalandira ma sestertius 900 pachaka asanamudule za chakudya ndi zovala, ndipo mfumu Domitian anakweza malipirowo kufika pa 1,200.

5. Kodi ndi zomwezi zimene timawerenga m'Baibulo?

Zina mwa izo, inde. Pa Mateyu 10:29, mtengo wa mpheta ziwiri ndi assarion, dzina la Chigiriki la *as*. Pa Mateyu 5:26, kakobiri komaliza kamene wangongole ayenera kubweza ndi quadrans. Tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye pa Maliko 12:42 sitinali ta ku Roma, koma ta ku Judaea komweko, ndipo wolembayo anafotokozera owerenga ake kuti tiwirito pamodzi tinkakwana quadrans mmodzi. Onani funso 3 kuti muone kuchepa kwake.

Ndalama ya msonkho imene Yesu anafunsa kuti chithunzi ndi zilembo zake n'za yani inali denarius, ya siliva. Pontius Pilatus, amene timam'dziwa kuti Pilato, anapangitsa tindalama ta mkuwa m'zaka za 29, 30 ndi 31 AD. Tili ndi dzina la mfumu Tiberius m'Chigiriki koma tilibe nkhope yake, popeza Ayuda sankalola zithunzi za anthu. Komabe anaikapo ndodo yopindika ya owombeza a Chiroma ndi chipande chothirira nsembe kwa milungu yawo.

6. Ankazipanga bwanji popanda makina?

Ndi nyundo. Mmisiri ankagoba chithunzi ndi zilembo chotembenuza pa zidindo ziwiri zolimba. Chimodzi ankachikhazika pansi, n'kuikapo kachitsulo kozungulira kopanda kanthu, chinacho pamwamba, kenako wina n'kumenya. N'chifukwa chake simudzapeza ndalama ziwiri zofanana ndendende: ina chithunzi chinapendekera kumbali, ina zilembo zinatsala kunja, ina inang'aluka m'mphepete.

Pa ndalama za mkuwa za m'nthawi ya Augustus pamapezeka dzina la munthu lotsatidwa ndi IIIVIR A A A F F. Ameneyo anali mmodzi mwa anyamata atatu a m'mabanja apamwamba oyang'anira kusungunula ndi kudinda mkuwa, siliva ndi golide. Augustus asanamwalire mayinawa anali atachoka kale, n'kutsala la mfumu ndi a m'banja lake.

7. N'chifukwa chiyani pali mutu wa mfumu?

Kwa zaka mazana Aroma ankadana ndi ufumu, ndipo kuika nkhope ya munthu wamoyo pa ndalama za mu Roma kunali ngati kudzitcha mfumu. Julius Caesar anachita zimenezo kumayambiriro kwa 44 BC, ndipo pa 15 March chaka chomwecho anam'baya. Koma mwambo unali utayamba, moti Brutus, mmodzi mwa omuphawo, nayenso anaika nkhope yake pa ndalama patangopita zaka ziwiri.

Ufumuwo unayambira ku Britain mpaka ku Syria ndi Egypt, ndipo anthu ambiri ankabadwa n'kufa osamuona mfumu. Nkhope yake ankaidziwira pa ndalama. M'zaka 200 zoyambirira amisiri sankabisa kanthu. Mukandandalika ndalama za Nero kuyambira 54 mpaka 68 AD, mumaona mnyamata wowonda akunenepa chaka ndi chaka mpaka khosi kumeza chibwano. Vespasian ali ndi dazi ndi makwinya a msilikali wokalamba, Nerva mphuno yaitali yokhota. Hadrian ndiye anabweretsa ndevu, ndipo mafumu omutsatira anazisunga kwa nthawi yaitali. Augustus yekha anakana kukalamba: anamwalira ali ndi zaka 75, koma pa ndalama ndi mnyamata mpaka mapeto.

Kuyambira nthawi ya Diocletian, kumapeto kwa zaka za m'ma 200 AD, nkhope zinayamba kufanana, ndipo pa ana a Constantine n'kovuta kusiyanitsa wina ndi mnzake osawerenga dzina.

8. Zilembo zozungulira mutu zimatanthauza chiyani?

Ndi dzina la mfumu ndi maudindo ake, zolembedwa mwachidule. Zimaoneka zoopsa chifukwa kawirikawiri mawu amalumikizana popanda mpata, koma ndi mawu omweomwewo obwerezedwa kwa zaka mazana. Mukadziwa khumi okha, mwatha. Nthawi zambiri mumayamba kuwerenga pansi kumanzere, n'kumazungulira monga muvi wa wotchi. Kumbukiraninso kuti chilembo V chimaimira U ndi V yemwe, ndipo I chimaimiranso J.

Titenge sestertius wa Trajan wolembedwa IMP CAES NERVAE TRAIANO AVG GER DAC P M TR P COS V P P. IMP ndi imperator, mkulu wa asilikali wopambana nkhondo. CAES ndi Caesar, dzina la banja limene linasanduka udindo, ndipo ndi lomwe timalitchula kuti Kaisara. NERVAE TRAIANO ndi dzina lake pamodzi ndi la Nerva, amene anam'tenga kukhala mwana wake. AVG ndi Augustus, wolemekezeka, ndipo limeneli ndi limene limasonyeza kuti munthuyo ndi mfumu yolamulira. GER ndi DAC ndi mayina odzitamandira, wogonjetsa Germania ndi wogonjetsa Dacia, dera limene lero ndi Romania. P M ndi pontifex maximus, mkulu wa ansembe. TR P ndi mphamvu ya woteteza anthu wamba, COS V akutanthauza kuti wakhala consul, mmodzi mwa akuluakulu awiri a boma a chaka chilichonse, kasanu, ndipo P P ndi pater patriae, tate wa dziko.

Onani kuti m'mndandanda wonsewo mulibe liwu lakuti rex, mfumu. Ulamuliro unali wa munthu mmodzi, koma unkavala zovala za maudindo akale kuti anthu asadzidzimuke. M'zaka za m'ma 300 AD manyazi amenewo anatha, ndipo dzina linkayamba ndi D N, dominus noster, mbuye wathu, n'kutha ndi P F AVG, woopa milungu ndi wamwayi. NOB C ndi wolowa ufumu amene sanafike pa Augustus. Mukaona AVGG, ma G awiri, ndiye kuti mafumu anali awiri.

9. Palibe chaka cholembedwa, nanga mumadziwa bwanji kuti inapangidwa liti?

Chaka chabisala m'maudindo a m'funso 8. Mphamvu ya TR P inkawonjezedwa chaka chilichonse, choncho nambala yotsatira zilembozo ili ngati kalendala. TR P XX ya Marcus Aurelius ndi 166 AD. COS nayo imathandiza, koma osati nthawi zonse. COS III ya Vespasian ndi 71 AD ndendende, pamene COS V ya Trajan ikuyambira 103 mpaka 111. Hadrian anakhala consul kachitatu mu 119 ndipo sanabwerezenso mpaka imfa yake mu 138, ndiye pa iye akatswiri amadalira kusintha kwa nkhope ndi kwa mawu ena.

10. Nanga S C yaikulu ija ya kuseri?

Ndi senatus consulto, kutanthauza kuti mwa chigamulo cha Seneti. Ili pafupifupi pa ndalama zonse za mkuwa za mu Roma kuyambira nthawi ya Augustus mpaka m'ma 260 AD, pamene pa golide ndi siliva sipezeka kawirikawiri. Zilembozi zisakupusitseni kuti Seneti inkasankha zojambulidwa popanda mfumu. Kwa inu wofuna kuzindikira ndalama, phindu lake ndi ili: mukaona S C, mwina mwagwira sestertius, dupondius kapena *as*, osati ndalama za m'funso 16.

11. Dupondius ndi *as* n'zofanana kukula. Anthu ankazisiyanitsa bwanji?

Zili zatsopano, mtundu unkanena: dupondius wachikasu, *as* wofiirira. Koma mkuwa ukayenda m'manja umada. Kuyambira nthawi ya Nero, mutu wa mfumu pa dupondius ankauveka chisoti cha nsonga ngati kuwala kwa dzuwa, pamene pa *as* umakhala ndi nkhata ya masamba kapena wosavala kanthu. Chisoti cha nsongacho chinadzakhala chizindikiro chakuti ndalamayo ndi ya mtengo wowirikiza.

12. Zithunzi za kuseri zimasonyeza chiyani?

Zambiri ndi milungu, kapena makhalidwe abwino ojambulidwa ngati akazi, ndipo aliyense amadziwika ndi chimene wanyamula. Pax, mtendere, ali ndi nthambi ya azitona. Spes, chiyembekezo, akuyenda ndi duwa m'dzanja atakweza chovala pang'ono. Fortuna wagwira chiwongolero cha ngalawa. Salus, moyo wabwino, akudyetsa njoka. Aequitas ali ndi sikelo, Victoria ali ndi mapiko, ndipo Annona ali ndi ngala za tirigu ndi dengu loyezera, kulonjeza anthu a mu Roma kuti chakudya chochokera ku Egypt ndi ku Africa chifika.

Zosangalatsa kwambiri ndi zonena za zinthu zimene zinachitikadi. Nero anaika doko la ku Ostia, lojambulidwa ngati ukuliyang'ana uli kumwamba, ngalawa zili m'kati. Anaikanso kachisi wa Janus zitseko zili zotseka, chizindikiro chakuti kulibe nkhondo pamtunda ndi panyanja. Pa *as* wina pali woimba zeze atavala mkanjo wa mulungu Apollo, ndipo Aroma okha ankati ameneyo ndi Nero.

Jerusalem atagwa mu 70 AD, Vespasian anatulutsa ma sestertius olembedwa IVDAEA CAPTA: mtengo wa kanjedza pakati, mkazi atakhala pansi pake dzanja lili patsaya. Ndi chithunzi chosavuta kumva ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga, ndipo n'chimene ankafuna. Mwana wake Titus anaika bwalo la Colosseum, lotsegulidwa mu 80 AD, timitu ta oonerera tikuoneka m'kati.

Ine zimene ndimazikonda ndi za misonkho, chifukwa zimaonetsa chimene chinkawawa anthu wamba. Nerva mu 97 AD anajambula nyulu ziwiri zikudya msipu, ngolo ili poteropo yomasulidwa, kulengeza kuti midzi ya mu Italy yapumula ku mtolo wopereka ziweto ndi ngolo kwa amithenga a boma. Hadrian atangolowa ufumu anakhululuka ngongole zimene anthu anali nazo ku boma, zokwana ma sestertius 900 miliyoni, ndipo pa ndalama pali wantchito wa boma akuyatsa mulu wa zikalata za ngongolezo ndi muuni.

13. Kodi zolembedwazo tizikhulupirire?

Dzina ndi maudindo, inde. Zotsalazo muziwerenge ngati mawu a pamsonkhano wa chipani. Ndalama imanena zimene wolamulira akufuna kuti anthu akhulupirire, ndipo nthawi zambiri imafuula kwambiri pa chinthu chimene chikusowa.

M'chaka cha 69 AD mafumu anayi anatsatizana pampando. Vitellius anatulutsa ma *as* a manja awiri ogwirana, olembedwa FIDES EXERCITVVM, kukhulupirika kwa asilikali. Chaka chisanathe, asilikali ambiri anali atam'thawa ndipo iye anaphedwa m'misewu ya Roma. Ndalama za Caracalla ndi mng'ono wake Geta zimatama mgwirizano wa mafumu awiriwo, koma kumapeto kwa 211 Caracalla anaphetsa Geta pamaso pa mayi wawo. Valerian anadzitcha wobwezeretsa dera la kum'mawa, ndipo mu 260 anagwidwa wamoyo ndi Shapur wa ku Persia, osabwereranso.

Izi sizichotsa phindu la ndalamazi. Bodza la boma nalo ndi umboni: limakuuzani chimene mfumu inkaopa chaka chimenecho. Ndipo palibe ndalama ya Aroma yonena za nkhondo imene anagonja.

14. Kodi Africa imaonekapo?

Kwambiri, koma ndi Africa ya kumpoto, imene inali mbali ya ufumuwo. Mzinda wa Nemausus, lero Nîmes ku France, unkapanga ndalama zokhala ndi mitu ya Augustus ndi Agrippa, mkulu wa asilikali ake, itafulatirana, ndipo kuseri kuli ng'ona yomangidwa unyolo ku mtengo wa kanjedza. Ng'onayo ndi Egypt, amene anagwa m'manja mwa Aroma mu 30 BC Cleopatra atamwalira. Mpaka lero ng'ona ndi kanjedza ndi chizindikiro cha mzinda wa Nîmes.

Hadrian, amene anayendera pafupifupi dera lililonse la ufumu wake, anatulutsa ndalama za maderawo. AFRICA ndi mkazi wogona chotsamira, kumutu atavala chikopa cha mutu wa njovu, m'dzanja muli chinkhanira, pambali dengu la tirigu. NILVS ndi nkhalamba yandevu yokhala ndi ng'ona kapena mvuu pafupi. Mu 248, pokondwerera zaka 1,000 za mzinda wa Roma, Philip anaika pa ndalama nyama zimene anaonetsa m'bwalo, ndipo pa sestertius wa mkazi wake Otacilia Severa pali mvuu.

Alexandria anali ndi ndalama zakezake za zilembo za Chigiriki, zokhala ndi chizindikiro L ndi nambala ya chaka cha ulamuliro wa mfumu. Carthage, ku Tunisia wa lero, anapangako ndalama kumapeto kwa zaka za m'ma 200 ndi kumayambiriro kwa m'ma 300. Septimius Severus, amene analamulira kuyambira 193 mpaka 211, anabadwira ku Leptis Magna ku Libya.

15. Nanga akazi?

Alipo ambiri: akazi a mafumu, amayi awo, alongo ndi ana awo. Caligula anaika alongo ake atatu, Agrippina, Drusilla ndi Julia, ataimirira pamodzi kuseri kwa sestertius. Faustina wamkulu atamwalira mu 140, mwamuna wake Antoninus Pius anapitiriza kutulutsa ndalama za DIVA FAVSTINA kwa zaka zambiri, DIVA kutanthauza kuti wasanduka mulungu. Kuseri kwa ndalama za akazi kumakonda kukhala FECVNDITAS, kubereka, popeza nkhani yaikulu inali ya wolowa ufumu. Malukidwe a tsitsi lawo ankasintha ndi nthawi, moti akatswiri amawagwiritsa ntchito podziwa zaka za ziboliboli zopanda mayina.

16. N'chifukwa chiyani ndalama za zaka za m'ma 200 ndi 300 AD zili zazing'ono ndi zopepuka?

Ndalama inagwa mphamvu. Mafumu ankafuna zambiri zolipirira asilikali kuposa siliva amene anali naye, ndiye ankathiramo kopa. Mu 215 Caracalla anatulutsa ndalama imene lero timaitcha antoninianus, ya chisoti cha nsonga cha m'funso 11, koma siliva wake anali wa denarius mmodzi ndi theka basi. Pofika m'ma 260, mu ulamuliro wa Gallienus, siliva sankakwana ngakhale magawo 5 pa 100. Inali ndalama ya mkuwa yokutidwa ndi siliva pamwamba pokha, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene sestertius anafera. Panalibe nzeru kuwononga magalamu 20 a mkuwa pa ndalama imene mtengo wake unali wochepa kuposa kandalama ka magalamu atatu, komwe nakonso kanali ka mkuwa.

Diocletian, ataona kuti mutu umodzi susenza denga, anagawa ulamuliro pakati pa anthu anayi mu 293, ndipo cha m'ma 294 anatulutsa ndalama yatsopano ya magalamu pafupifupi 10, imene osonkhanitsa amaitcha follis kapena nummus, yolembedwa GENIO POPVLI ROMANI. Mu 301 anaika lamulo la mitengo yosayenera kupitirira, chilango chake imfa, koma silinagwire ntchito. Pofika m'ma 330 ndalama ija inali yosakwana magalamu atatu. Za nthawi imeneyi zimangotchulidwa ndi kukula kwake: AE1 yoposa mamilimita 25, AE2 kuyambira 21 mpaka 25, AE3 kuyambira 17 mpaka 21, AE4 yochepera pamenepo.

Mu 348 kunatuluka ndalama zolembedwa FEL TEMP REPARATIO, kubwerera kwa nthawi zabwino, zambiri zikusonyeza msilikali akubaya mdani wogwa pa kavalo. Patangopita zaka khumi nazonso zinali zitafota. Werenganinso funso 13.

17. Tizilembo ta pansi pa mzere kuseri n'ta chiyani?

Pa ndalama za kuyambira nthawi ya Diocletian, timanena mzinda umene ndalamayo inadindidwa. PLN kapena PLON ndi London, TR ndi Trier, LG ndi Lyon, AQ ndi Aquileia, SIS ndi Siscia ku Croatia wa lero, TS ndi Thessalonica, CONS kawirikawiri ndi Constantinople, ANT ndi Antioch, ALE ndi Alexandria. SM kumayambiriro ndi sacra moneta, ndalama yopatulika, choncho SMN ndi Nicomedia ndipo SMK ndi Cyzicus. Chilembo chowonjezera, P, S, T, Q kapena A, B, Γ, Δ, chimanena chipinda cha amisiri chimene chinagwira ntchitoyo, kuti pakapezeka chinyengo adziwe wom'funsa.

18. Chikhristu chinayamba liti kuonekera pa ndalama?

Mochedwa kuposa mmene ambiri amaganizira. Constantine anapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvius mu 312, koma kwa zaka zingapo pambuyo pake ndalama zake za mkuwa zinali zolembedwa SOLI INVICTO COMITI, kwa Dzuwa losagonja, bwenzi la mfumu. Cha m'ma 327 ku Constantinople kunatuluka ndalama yosowa yokhala ndi mbendera ya chizindikiro cha Khristu, zilembo za Chigiriki X ndi P zopingasana, ikubaya njoka. Komabe mu 330 zofala zinali za VRBS ROMA, za mmbulu ukuyamwitsa mapasa Romulus ndi Remus. Constantine atamwalira mu 337, anam'jambula ali pa galeta, dzanja lochokera kumwamba likum'landira.

Woyamba kudzaza kuseri konse ndi chizindikiro cha Khristu anali Magnentius, wolanda ufumu, mu 353. Julian, amene anafuna kubwezeretsa milungu yakale, anaika ng'ombe yamphongo ndi nyenyezi ziwiri mu 362, ndipo anthu a ku Antioch anaiseka. Mtanda unakhazikika pa ndalama m'zaka za m'ma 400.

19. Ndaona ina yodulidwa pakati, ina yodindidwa kachidindo pankhope. Zinaonongeka?

Ayi, zinachitidwa dala. Kumalire, makamaka m'misasa ya asilikali ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, chenje chinkasowa, ndiye anthu ankadula *as* pakati. Ndalama za ng'ona za m'funso 14 zinali zosavuta kudula, mutu umodzi mbali iyi, wina mbali inayo. Kachidindo kakang'ono kankaikidwa pa ndalama yakutha kuti ipitirize kuyenda. Palinso zofufutidwa mwadala: pa ndalama zina za mzinda wa Stratonicea, nkhope ya Geta inapalidwa atangophedwa, n'kutsala ya mkulu wake yokha.

20. Kodi pali chimene chinatifika ife kuchokera ku ndalama zimenezi?

Akuluakulu amene anagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi makobiri kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971 akukumbuka kuti kobiri linkalembedwa ndi chilembo d. Chilembocho ndi denarius, ndipo chizindikiro cha paundi ndi L wa libra, paundi ya Chiroma ya m'funso 2. Kwa abale athu a ku Mozambique, dinheiro wachokera kwa denarius, ndipo moeda wachokera ku kachisi wa Juno Moneta, pafupi ndi pamene Aroma ankadindira ndalama zawo. Mutu wa mtsogoleri woyang'ana kumbali, dzina litauzungulira, monga unalili wa Dr Kamuzu Banda pa ndalama zathu zachitsulo, ndi kapangidwe komweko.

21. Popeza ndi zakale chotere, ndiye kuti n'zodula kwambiri?

Zambiri ayi. Zinapangidwa mamiliyoni osawerengeka, ndipo anthu ankazikwirira m'mitsuko osabweranso kudzazifukula. Ku Frome, ku England, mu 2010 kunapezeka mtsuko umodzi wa ndalama 52,503. Ku Tomares, ku Spain, mu 2016 okumba ngalande anapeza mitsuko 19 ya ndalama zolemera makilogalamu pafupifupi 600. Kandalama kakutha ka m'nthawi ya Constantine n'kotchipa ndithu. Chodula ndi sestertius wosaperepeseka wa chithunzi chosowa, monga wa Colosseum.

Musanagule, funsani kumene ndalamayo yachokera. Mayiko ngati Italy, Greece, Turkey ndi Egypt ali ndi malamulo okhwima oletsa kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo.

22. Ndingadziwe bwanji yabodza, ndipo kodi ndiitsuke?

Yeniyeni ya nthawi ya mafumu inachita kumenyedwa, monga tanenera m'funso 6. Yabodza kawirikawiri imakhala yothira m'chikombole, ndiye yang'anani msoko m'mphepete, timabowo ngati ta thovu, ndi zilembo zofewa ngati sopo wosungunuka. Iyezeni kulemera, ndipo muiyerekeze ndi zithunzi za pa Online Coins of the Roman Empire, nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya American Numismatic Society. Chenjeraninso ndi yeniyeni imene wina waigoba ndi kampeni kuti tsitsi ndi zilembo zioneke zatsopano. Kukopera sikunayambe lero: Giovanni da Cavino wa ku Padua ankapanga ma sestertius okongola m'zaka za m'ma 1500, ndipo lero nawonso ali ndi owasonkhanitsa.

Pa zotsuka, gwirani mtima. Khungu lobiriwira kapena lakuda losalala lija linatenga zaka mazana kuti lipangike, ndipo ndi limene limateteza chitsulo ndi kusunga chithunzi. Mandimu, viniga, phulusa ndi polishi zimalichotsa, n'kusiya ndalama ya zipsera imene yataya mtengo. Ngati pali dothi, ivikeni m'madzi oyera opanda mchere, otchedwa distilled water, kwa masiku angapo, muzisintha madziwo, n'kumachotsa dothilo pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choopsa ndi ufa wobiriwira mowala umene umanyenyeka mukaukhudza n'kubweranso pakapita masabata. Umenewo ukudya chitsulo. Ndalama yoteroyo ipatuleni kwa zinzake, iikeni pouma, ndipo ionetseni kwa wodziwa kusamala zinthu zakale.